Galimoto Ija Sibwera

Kings Heath, Birmingham
14 Malichi 2006

Okondedwa achimwene a McDonald,

Moni kwa inu, alamu ndi ana nonse kumeneko ku Santhe. Muli bwanji? Nanga bambo, miyendo ija ikuwalola kufika kumunda kapena akungokhala pakhonde? Munati mapilitsi ndinatumiza aja akuwachititsa chizungulire. Azimwa atadya kaye, osati m'mimba mulibe kanthu monga amachitira. Ndikuwadziwa bambo, auzeni kuti wanena ndi nesi, osati mwana wawo.

Ife kuno tilipo. Thandi ndi Martin akupita kusukulu, chimfine chokha ndiye chinakhazikika m'nyumba muno ngati chimalipira lendi. Akuti kuzizira kukutha, koma ine ndikuvalabe majuzi awiri. Alamu anu a Ackson m'thupi ali bwino, ntchito yokhazikika ndiye sanaipezebe chitsekereni fakitale ya magalimoto ya ku Longbridge chaka chatha. Kakampani kawo kankapanga zitsulo za mipando n'kumagulitsa kufakitaleko, ndiye chachikulucho chitagwa nako kanagwera pomwepo. Masiku ano amangodikira foni ya ku ejensi yopezera anthu maganyu. Sabata ina awaitana masiku awiri kukanyamula makatoni, sabata ina zii.

Lamlungu lija ndinakuimbirani ndili ndi nkhani. Mutangoyankha munayamba kundiuza kuti laisensi yoyendetsera galimoto yatuluka, kuti mwagumula mpanda kukulitsa geti, kutinso kumapeto kwa mwezi uno mupereka notisi ku esiteti kuti musiye ukalaliki. Munkaseka ngati mwana. Ine ndinangomvetsera, khadi ya foni n'kutha ndisananene kanthu. Kunena zoona ndinaisiya dala kuti ithe. N'chifukwa chake ndalemba. Kalatayi ndapatsira Eness, nesi mnzanga wa ku Kasungu, akukwera ndege Loweruka ndipo walonjeza kuti ikufikani pamanja.

Achimwene, galimoto ija sibwera. Tinaibweza kwa eni ake Lachisanu lapitali.

Ndikudziwa kuti mufunsa kuti eni ake ati, popeza pachithunzi ndinatumiza chija tayitsamira ndife. Galimotoyo tinaitenga pa lizi, monga mmene alili malo a esiteti yanuyo: umalima, umakolola, koma nthaka si yako. Tinagwirizana zaka zitatu, kumalipira mwezi ndi mwezi. Mnyamata amene anatigulitsa anatiuza kuti zakazo zikatha tikhoza kufunsa mtengo woti tiitengeretu. Ife tinawerengera kuti ikamafika nthawiyo idzakhala yotsika mtengo, tidzaigula, tidzaikweza sitima ya pamadzi, inu muzinyamulira anthu pakati pa Santhe ndi Kasungu, bambonso asiye kupita kuchipatala pa keliyala ya njinga. Sitinakunamizeni. Ndalama za sitima ndi za msonkho tinayamba kusunga ndithu.

Koma papepala panali mzere wina umene tinauwerenga tonse awiri n'kuusiya pomwepo. Unkati galimoto isapitirire mamailosi teni sauzande pa chaka, ndipo mailosi iliyonse yopyola pamenepo tidzalipira mapeni khumi. Tinaseka kuti dziko laling'ono ngati lino munthu ungapite kuti. Mapeni khumi kuno mwana akawagwetsa pansi satola.

Mukudziwa mmene tilili ife Amalawi. Kuno munthu akaferedwa kumudzi, maliro ali ku Mzimba kapena ku Thyolo, ife timasonkhanabe kunyumba kwake, kukhala naye, kuimba, kuphika, kusonkha ya ndege. Amayi atamwalira, tisanakhale ndi galimoto, anthu anabwera pabasi ndi pasitima kuchokera ku Manchester ndi ku Luton, ena sindinkawadziwa n'komwe, kudzakhala pansi m'kachipinda kathu kano. Ine ndinalephera kubwera kudzaika amayi, anthu amenewo ndiwo anandigwira. Ndiye titatenga galimoto ya anthu seveni, tikanakana bwanji? Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Galimoto ija inasanduka ya mpingo. Maliro ku Leicester, a Ackson. Ukwati ku Nottingham, a Ackson, ndi mapoto ankhuku kubuti. Nesi watsopano watera ku Heathrow ndi masutukesi onunkha utaka, a Ackson. Mpaka kumapemphero a Amalawi anawapatsa udindo wa zamayendedwe, anthu n'kuwomba m'manja. Ndipo ndisawanamizire anthu, palibe anakwerapo ulere. Aliyense ankapinda ya petulo n'kuwapatsa m'manja, ena mopyoletsa. Kwathu ukathira mafuta wathana ndi mwini galimoto, sichoncho? Ifenso timaona choncho. Sitinaganize kuti kuno galimoto imadya pawiri, mafuta ndi mtunda womwe.

Ntchito itawathera a Ackson zinafika poipa. Munthu anali ndi nthawi yambiri, ndipo kuyendetsa anthu ndi kumene kunkawachititsa kumeta ndevu ndi kusita malaya m'mawa. Foni ikalira ankadzuka ngati waitanidwa ku ofesi. Ine ndinkaona, koma ndinkati bola akutuluka kusiyana n'kukhala pa sofa kuyang'ana khoma. Ndiye musaweruze iwo okha.

Mwezi watha ndinakhala pansi kuwerengera, ndinaona kuti malipiro anga okha sakukwanira lendi, magetsi, chakudya ndi galimoto yaikulu chonchija. Ndinati tiibweze msanga, chaka chotsalachi tisachidikire, titenge kakang'ono kwa kanthawi, ndalama zanu za sitima zikhale pomwepo mpaka tidzapeze ina yogula. Ndinkaganiza kuti kubweza chinthu cha eni ake nthawi isanakwane n'kuwachitira chifundo. Ndinkayembekezera kuti athokoza.

Tinapita ku ofesi yawo, a Ackson atavala suti. Poyamba anatuluka bambo wina ndi tochi masanasana, kuizungulira galimoto, kusuzumira pansi pa mipando, kununkhiza. Anapeza mafuta ankhuku a ku Nottingham aja pa mpando wakumbuyo, anapeza pamene panakalika ndi mipando yachitsulo ya kutchalitchi. Kenako anayang'ana mita ya mamailosi, anayang'ana a Ackson, n'kufunsa ngati timachitira takisi. Pa zaka ziwiri tinayenera kukhala pa twente sauzande. Mita inali kuyandikira fifite.

Mkati anatilandira mtsikana wina dzina lake Helen, waulemu ndithu, anatipatsa ndi tiyi yemwe. Anatifotokozera kuti kubweza msanga n'kuphwanya pangano, ndiye tilipira theka la miyezi yotsala, kuphatikiza mamailosi opyola aja, kuphatikiza kukonza mipando. Anatembenuza kompyuta kuti tione tokha. Mapeni khumi aja okha anali atabereka pafupifupi mapaundi filii sauzande.

Apa ndi pamene alamu anu anayamba kunenerera ngati ali pa kaunjika mumsika wa ku Lilongwe. Anayamba ndi kumufunsa mtsikanayo za makolo ake. Anamufotokozera za ku Longbridge, za ana, za maliro onse aja mmodzimmodzi, kuti mamailosiwo sitinayendere zosangalatsa ayi. Helen anati pepani kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti anamvadi chisoni, koma anati nambala imachokera mu kompyuta. A Ackson anati tipereka theka la ndalama yonseyo. Iye anati sizitheka. A Ackson anawonjezera pang'ono. Anati sizitheka. Basi a Ackson anaimirira, kukonza jekete, n'kundiuza m'Chichewa kuti tiyeni mayi a Thandi, atiitana yekha ameneyu.

Tinatuluka pang'onopang'ono, monga timachitira kwathu, kuti wogulitsa apeze mpata wotithamangira. Tinafika pakhomo, palibe. Tinafika pagalimoto, palibe. A Ackson anayamba kufunafuna makiyi m'matumba onse pamene anali nawo m'manja. Tinaima pamenepo, kamvula kawo kosatha kaja kakutinyowetsa. Nditasuzumira pagalasi ndinaona Helen akupereka tiyi kwa kasitomala wina amene anakhala pampando wanga womwe uja. Achimwene, ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Tinabwerera tokha, tili chinyowere, n'kukakhala pa benchi kudikira kuti amalize ndi anzathuwo.

Ulendo wachiwiriwu ndinalankhula ndine. Ndinafunsa kuti tikangoibweza n'kusiyiratu za magalimoto zikhala bwanji. Anati ndiye ndalama yonse ifunika pakamodzi, pasanathe mwezi. Tilibe. Komanso ntchito yanga tsopano ndi yoyendera odwala m'makomo, kukatsuka zilonda ndi kubaya jakisoni nkhalamba, popanda galimoto palibe ntchito. Ndinafunsa kuti tikaisunga mpaka chaka chithe. Anati mamailosi opyola kale aja sachoka, ndipo ena aziwonjezekera pamwamba. Njira imene inatsala ndi imene ankaifuna iwowo: titenge lizi yatsopano ya kagalimoto kakang'ono, tipereke zimene tili nazo, chotsala cha chilangocho achimwaze m'malipiro a mwezi ndi mwezi.

Ndinapempha kuti achimwaze pa zaka zinayi kuti chizipepuka. Anandifunsa pasipoti, anaona kuti pemiti yanga yogwirira ntchito ikutha pakapita zaka ziwiri, anati sangapyole pamenepo chifukwa sakudziwa ngati ndidzakhale ndidakali m'dziko muno. Ndinamuuza kuti ngakhale ine sindikudziwa. Ndiye zaka ziwiri, ndipo pa kagalimoto kakang'onoko tizilipira zambiri kuposa zimene tinkalipira pa yaikulu ija.

Kenako anafunsa mapepala a malipiro a miyezi itatu yapitayi a aliyense wa ife. A Ackson alibe. Helen anati ndiye pangano likhala m'dzina langa lokha, iwo alembedwa ngati munthu wololedwa kuyendetsako. Ananena bwinobwino, mosanyoza, koma a Ackson anafunsa kumene kuli chimbudzi ndipo anakhalitsa kumeneko.

Ndinalimbana naye mtsikana uja mpaka tiyi wachiwiri anazizira. Ndinamuuza kuti mpando wa mafuta uja nditsuka ndekha, pa ntchito yanga ndimachotsa zoposa mafuta ankhuku. Anapita kukafunsa bwana wake, anabwera n'kuti za mpandozo achotsa. Ndinapempha kuti mamailosi a lizi yatsopanoyi awonjezereko, anawonjezera pang'ono. Zimene ndinapambana ndi zimenezo basi. Ndinafunsa katatu konse ngati kagalimoto katsopanoka tingadzakagule pamapeto pake. Anati pangano la mtundu uwu ayi, mumabweza basi. Ndalama za sitima ndi za msonkho zija ndinazisainira tsiku lomwelo, zonse, ndipo sizinakwane n'komwe.

Posankha kagalimotoko anandionetsa ka zitseko zinayi, ine ndinati ndikufuna ka zitseko ziwiri. Anadabwa kuti mayi wa ana awiri mukufuniranji kovuta kulowa kumbuyo. Ine ndinangoloza ka zitseko ziwiri komweko. Ndinasankha dala, achimwene, koti mayi wa thupi lake atavala chilundu asathe kulowa kumbuyo, buti yake yoti poto wamkulu asakwanemo. Pakamwa panga sipatha kukana anthu a maliro, ndiye ndinati zitseko zizikana m'malo mwanga. Ndikulemba izi manyazi akundigwira, koma ndi mmene ndinachitira.

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti tikaibweze monga tinagwirizanirana ku ofesi kuja, foni inalira. Anali Temwani, mtsikana wa ku Rumphi amene amakhala ku Whitmore Reans ku Wolverhampton, bambo ake amwalira. A Ackson anandiyang'ana. Ndinati tiyeni, pamene tanyowa kale mvula ina ingatitani. Tinanyamula azimayi asanu a kumapemphero. Njira yonse iwo akuimba nyimbo za maliro kumbuyo, ine maso ali pa mita, manambala akugudubuzika. Sindinaimbe ngakhale mzere umodzi. Ndinadzida kuti mwana wa eni waferedwa, ine ndikuwerenga mapeni.

Pobwerera ndinawauza azimayiwo kuti umenewu ndi ulendo womaliza, ndinafotokozanso chifukwa chake. Kenako mmodzi anati koma ife timathiratu mafuta nthawi zonse. Ndinati n'zoona mayi, palibe amene akukuimbani mlandu. Potsika anapindabe ya petulo monga mwa masiku onse, a Ackson analandira ndi manja awiri. Palibe wabwera kudzafunsa kuti chilangocho n'chachikulu bwanji, kupatula Eness. Sindikuwada. Aliyense kuno ali ndi kwawo kumene kukumudikira.

Lachisanu tinakaisiya. A Ackson anaitsuka okha m'mawa, mkati ndi kunja, ngati ikupita ku ukwati. Martin atabwera kusukulu anafunsa m'Chingerezi chake chija kuti galimoto ya amalume yapita kuti, chifukwa m'nyumba muno inkatchedwa choncho, ya amalume. Bambo ake anamuuza kuti afunse ine. Kuyambira tsiku limenelo sanakhudze makiyi a kagalimoto katsopanoka. Lamlungu kumapemphero sanapite. Foni ikalira amandipatsa ine kuti ndiyankhe, ndipo anthu akamva za zitseko ziwiri amangoti chabwino mayi, tiona kwina. M'nyumba muno sitikukangana, bola tikanamakangana.

Ndayesa kuwerengera mbali zonse kuti mwina ndikuuzeni kuti dikirani chaka chimodzi, kapena ziwiri. Sindikupeza. Zaka ziwiri zikubwerazi ndizigwirira ntchito galimoto imene tinabweza ndi ina imene tidzabweze. Zikadzatha, pemiti nayo yatha, ndipo kaya adzandiwonjezera kaya ayi. Sindikufuna kukupatsaninso tsiku lina loti muziwerengera. Ya mankhwala a bambo ndiyesetsa isaduke, ngakhale ichepe. Zina zonse musandiyembekezere.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikugwada. Musapereke notisi ija. Ndikudziwa kuti ukalaliki wa pa esiteti wakutopetsani, ndikudziwa kuti malipiro amachedwa ndipo bwana wanu amakulankhulani ngati mwana. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ntchito imeneyo ndi imene ikudyetsa ana anu ndi bambo, ine pano sindingathe kukunyamulani ngakhale mwezi umodzi. Ngati kalatayi yakupezani mutapereka kale, musachite manyazi, tengani amalume a ku Chilanga mupite nawo kwa bwanayo mukapepese tsiku lomwelo, asanaike wina pa desiki panu. Munene kuti mlongo wanu wa ku Ulaya ndiye anakusokonezani. Ndipo musakatuluke mu ofesimo poyembekezera kuti akuitanani.

Laisensi yanuyo isungeni bwino, munaivutikira. Mukafuna kundikalipira ndikalipireni, ndimva. Chimene sindingathe kupirira n'kumva kuti mwakhala pakhomo opanda ntchito chifukwa cha chithunzi chimene ndinatumiza ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu anandipempha ija sindinaiwale koma adikire. Moni kwa ana onse, makamaka Fumbani amene akulemba mayeso chaka chino, alimbikire. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa achemwali a Esnath ngati abwerako ku Mchinji. Thandi ndi Martin akupereka moni kwa agogo awo. A Ackson ati ndikupatseni moni, ati adzakulemberani okha akadzapeza mawu.

Bambo muwauze ndinu, mofatsa, atadya kale. Munati amauza aliyense wodutsa kuti mpando wakutsogolo ndi wawo, ndipo ine pafoni sindingathe. Chithunzicho akafuna kuchisiya pakhoma achisiye. Koma geti lija mubwezeretse njerwa zake, mbuzi zingamalowe kudzadya ndiwo za alamu.

Ndine mlongo wanu,

Sellina